Makapeti Amene Anagona M'chipinda cha Ana Anga

Mulungu anandipatsa mwamuna wabwino, koma nzelu za malonda anapatsa amuna a anzanga. Chaka chimene makampani a boma anayamba kutsekedwa, bambo a ana anga anachotsedwa ntchito ku Lusaka. Anzawo anabwela ndi zigayo, ena mabelo a zovala za salaula. Koma amuna anga anatsika basi pa boma la Lundazi ndi makapeti aubweya, ofiila, amaluwa, onga a mu ofesi ya nduna. Anati banja lathu lalowa bizinesi ya anthu apamwamba.

Nyumba yathu inali ya zipinda ziwili. Makapeti anatenga chipinda cha ana athu aakazi, ati fumbi ndi utsi zingawawononge. Atsikanawo, wamkulu atatha kale msinkhu, anayamba kugona m'khitchini yopanda chitseko, pamodzi ndi nkhuku. Ine pemphelo langa linali limodzi basi, kuti ana anga abwelele m'chipinda chotseka.

Ogula analipo ndithu. Alimi a ku Mphamba ndi ku Chikomeni akagulitsa fodya ankabwela okha pakhomo. Koma a bambo anali ndi lamulo lawo: asanagulitse, ankayamba apalasa njinga kukaona pansi pa nyumba ya wogulayo. Akapeza pozila ndi dothi ankakana, ati kapeti yotele siigona popanda simenti. Mlimi wina anawanamiza nkugula imodzi. A bambo atamva kuti mlimiyo akuyanikapo nshawa, anapita kukailanda, nabwela nayo pa njinga ali thukuta kamukamu ngati apulumutsa mwana m'chitsime. Ngakhale abusa athu atabwela kudzadalitsa malondawo, a bambo anawavulitsa nsapato, kenako nkuwauza kuti aone ndi maso okha, asapondepo.

Mvula inagwa nkuleka, inagwanso. Ndiye kunabwela bwana wina wa pa boma, wa galimoto ndi nyumba ya simenti, munthu amene a bambo ankamudikila nthawi yonseyi. A bambo anavala tayi, natulutsa kapeti yaikulu kuposa onse, naifunyulula pabwalo. Pakati pake panali chibowo choti mbuzi nkudutsapo osawelama. Chiswe chinalowela pa mng'alu wa khoma, ndipo icho sichinafunse ngati pansi pali simenti. Bwana uja anangothokoza kuti yewo, nkukwela galimoto yake. Titafunyulula enawo tinapeza chimodzimodzi.

A bambo anakhala pansi pa mtengo wa mango, tayi ili pakhosi. Ine ndinanola mpeni. Ndinadula ponse pamene chiswe chinasiya, ndi kusoka m'mphepete pamodzi ndi atsikana. Anyamata onyamula anthu pa njinga ku msika analimbilana kugula zidutswazo, zoyala pa kaliyala kuti wokwela asamve chitsulo. Tizidutswa totsala azimayi a ku chalichi anatenga togwadila.

"Amake ana, mwandiphela bizinesi," anatelo a bambo ataona chipinda chili mbee.

"Bambo, munakaniza mapazi a abusa. Tsopano pakhala matako a Lundazi yense."

Koma ndiwo za nyama madzulo amenewo anadya bwino.

Atsikana anabwelela m'chipinda chawo. Ndinamata mng'alu uja, ndi kuwayalila kachidutswa kamodzi kamaluwa pakhomo kopukutila mapazi. A bambo, njinga ya kaliyala wofiila ikadutsa, ankaloza ndi kuuza aliyense kuti katundu ameneyo anabwela naye ndi iwo kuchokela ku Lusaka. Ine ndinkangovomeleza. Ndinapempha Ambuye chitseko cha ana anga, ndipo Iwo mwa chifundo chawo anatuma chiswe.