Neti ya ku sikelo ndi kachewere wa malume

Chaka chimene ndinali woyembekezera mwana wanga woyamba, ndinali munthu wanzeru kuposa onse mu labotale yathu ku Lilongwe. Palibe anandiuza zimenezi, ndinazitulukira ndekha.

Ntchito yathu inali kuyeza ngati m'zakudya mwatsalira mankhwala ophera tizilombo. Umagaya chakudyacho, n'kuchiviika m'madzi osungunulira, kenako n'kuthira m'timabotolo tagalasi. Makina amayamwa kadontho n'kukatenthetsa mpaka kasanduke nthunzi, ndipo gasi amakankhira nthunziyo m'kapaipi kopyapyala ngati ulusi. Pa kompyuta pamatuluka mzere wa timapiri, mankhwala aliwonse ndi kaphiri kake. Lamulo loyamba ndi lakuti uyambe wayeza bulanki, kabotolo kopanda chakudya, kuti uone ngati zida zako zili zoyera. Koma gasi anali pafupi kutha, ndipo anthu anzeru sataya gasi poyeza zopanda kanthu.

Inali nyengo ya fumbi. Timabotolo tikatsukidwa tinkaumira pa shelefu, fumbi likuchita zofuna zake. Ine ndinadula neti yatsopano imene anandipatsa ku sikelo n'kuphimbira. Anzanga anayamikira, ine n'kumayankha modzichepetsa kuti nzeru ndi mphatso chabe.

Malume anga, mlongo wawo wa mayi, amalima kachewere ku Tsangano. Kalabu yawo ya alimi inali itapeza wogula wovuta, wofuna pepala la ku labotale asananyamule ngakhale thumba limodzi. Kachewere wa mlimi aliyense anabwera m'kajumbo kakekake. Ndinayamba ndi wa malume, chibale ndi fupa sichiola, ndipo ndinawasankhira timabotolo towala kwambiri, tokhudzana ndi neti penipeni.

Kaphiri kanatuluka njo, kusonyeza mankhwala ochuluka zedi. Ndinalemba lipoti, abwana anasaina akulankhula pa foni, linapita ku kalabu. Gasi anatha tsiku lomwelo, kachewere wa enawo tinamuika mufiriji.

Malume anandiimbira. "Mayi, ine ndinasiya kupopera mwezi wathunthu ndisanakumbe."

"Makina sanama, malume," ndinawayankha. Ndinawonjezanso kaphunziro ka kuwerenga malangizo a pabotolo, kwa munthu amene anayamba kulima ine ndisanabadwe.

Gasi anabwera patatha milungu itatu. Kachewere wa mlimi wachiwiri, kaphiri komweko. Wachitatu, chimodzimodzi. Mpunga wa ku Bwanje, umene unabwera pa nkhani ina, nawonso kaphiri. Zinkaoneka kuti boma lonse la Ntcheu, kumapiri ndi kuchigwa komwe, linapangana kupopera mankhwala amodzi pa mlingo umodzi. Apa mpamene ndinakumbukira bulanki. Kabotolo kopanda kanthu nako kanali katapopera munda wake.

Tinasintha kalabala ka pakamwa pa makina, tinasintha kagalasi ka m'kati, tinatenthetsa kapaipi tsiku lonse, tinatsegula botolo lina la madzi osungunulira. Tinawanena amene anatigulitsa gasi, ine ndikutsogolera nyimbo. Pomaliza mnzanga wina, mayi wosalankhulalankhula, anatenga kabotolo m'katoni yosatsegula n'kuyeza. Mzere unagona phee. Anayang'ana pa shelefu, n'kuyang'ana ine.

"Kodi neti yanuyi udzudzu imaupha ndi chiyani, ndi pemphero?"

Loweruka ndinakwera minibasi, kenako njinga yamoto, kalata yokonza lipoti ili m'chikwama. Njira yonse ndinkayeserera mawu, ndipo mwa onse amene ndinakonza munalibe liwu lakuti neti. Ndinali nditasankha kunena kuti panali vuto la zipangizo.

Ku Tsangano kunkazizira ngati kale. Malume ndinawapeza akusula khasu kuseri kwa nyumba. Akazi awo ndiwo anandiuza zonse, osandiyang'ana kumaso. Kalabu inawachotsa. Pa msonkhano malume anaimirira, chipewa chili m'manja, n'kupepesa kuti mwina ukalamba unawasokoneza masiku. Kachewere yense anamukwirira m'dzenje, ngakhale wa mbewu, ati sangagulitse poizoni kuti akadye ana a eni ake.

Za zipangizo zija zinandithawa. Ndinagwada pafupi nawo n'kufotokoza zonse, neti, bulanki, gasi. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvenso kwina kulikonse.

Anawerenga kalatayo pang'onopang'ono, n'kuipinda, n'kuiika m'thumba la jekete.

"Koma malume, poti munkadziwa kuti munasiya kupopera pa nthawi yake, munapepeseranji?"

"Tcheyamani wa kalabu anafunsa kuti wolakwa ndani, ine kapena mwana wathu wa ku labotale," anatero akutola khasu lija. "Ine m'munda mwanga sangandichotse, mayi. Inu muli pa ntchito ya eni."