Anadzandira Ngati Woledzera, Koma Mankhwala Sanasiye

Tsiku limene Juliet anagwera pamoto, anthu anathamanga n'kumasula mwana kumsana kwake. Mayiyo anamusiya pomwepo.

Munali mu 1994, ku Kanakantapa m'boma la Chongwe, kumene boma linkagawira anthu minda yatsopano. Juliet ankakazinga mtedza pamafuwa pamene anagwa khunyu. Anagwa chammbali, mkono wamanzere uli pamakala. Amayi oyandikana nawo ataona thovu kukamwa anabwerera m'mbuyo, chifukwa kumeneko ankakhulupirira kuti thovu la wakhunyu likakukhudza, kapena mpweya wake ukakulowa, nawenso uyamba kugwa. Mmodzi anatenga mtengo wautali n'kukankha mkonowo kuuchotsa pamoto, ngati mmene timachotsera mbatata yootcha.

Atatsitsimuka anapeza mwana palibe. Chiko, amene anali atangoyamba kukwawa, anali kwa agogo ake kutsidya kwa munda.

"Lero moto walawa mkono," anatero apongozi ake, amake Zebron. "Mailo uzadya mwana. Chiko agona kwa ine."

"Amama, akali kuyamwa."

"Azamwa phala."

Kwawo kwa Juliet ku Katete mwana ndi wa kuchikazi, ndipo amalume ake akanabwera kudzaimirira pakhomopo. Koma Katete ndi kutali, ndipo munda unali m'dzina la mwamuna wake, Zebron. Zebron anali mwamuna wabwino, koma wa mtundu uja amene mayi ake akakweza mawu amayamba kukonza tcheni cha njinga chosawonongeka.

Zebron anapita ndi Juliet kwa sing'anga. Sing'angayo atangoona bala anapukusa mutu, ngakhale nkhuku imene anabweretsa anaikana. Anati wakhunyu akapsa ndi moto, basi, palibenso mankhwala amene angamugwire. Mawu amenewo anafika kumudzi iwo asanafike.

Si kuti Juliet analibe mankhwala. Kuyambira ali mtsikana ankalandira timapiritsi toyera totchedwa fenobabitoni. Koma tinkamugonetsa tulo dzuwa lili pamutu, khasu lili m'manja. Choncho ankamwa pokhapokha akamva kuti zikubwera, monga mmene munthu amamwera panado mutu ukayamba. Palibe amene anakhalapo naye pansi n'kumuuza kuti mankhwala a khunyu samwedwa choncho.

Amene anamufunsa za kamwedwe kake ka mankhwala anali Sista Olipa, namwino wa pachipatala chaching'ono chimene ankakatsukitsako balalo. Anamutumiza kuchipatala chachikulu ku Lusaka, ndipo dokotala wa kumeneko anamulembera mankhwala ena, kabamazepini.

Juliet anabwera nawo osatsegula. M'minibasi pobwerera, mayi wina anali atamuuza kuti mapiritsi amenewo amaumitsa mimba. Bambo wina anati mphwake atawamwa anapenga. Wachitatu sankawadziwa n'komwe, koma anati ali ndi maonekedwe oipa. Juliet anatsika n'kulunjika kwa Sista Olipa, n'kuika botolo patebulo.

"Ba Sista, muniuze. Aya mankhwala azanichita chani?"

"Mufuna zoona, olo zokondweretsa?"

"Zokondweretsa amaniuza a Zebron."

"Mutu uzazungulira. Tulo tuzabwera. Nthawi zina muzaona vinthu viwiri viwiri. A Zebron azakhala awiri."

"Mayo ine! Mmodzi yekha nalema naye kale."

Sista Olipa anaseka, kenako anachotsa kuseka kumaso. Anati kwa anthu ambiri chizungulire chimachepa thupi likazolowera. Koma akaona zidzolo pakhungu, zilonda m'kamwa kapena thupi kutentha, abwere tsiku lomwelo, asadikire kuti kuche kawiri. Mowa asayandikire. Akafuna mwana wina abwere kaye akambirane. Mapiritsi akale aziwachepetsa pang'onopang'ono monga adokotala alembera, ndipo atsopanowa asadzawasiye mwadzidzidzi, ngakhale atatopa nawo bwanji.

"Nanga vimene akamba, ati munthu akapsa pamoto mankhwala sasebenza?"

"Piritsi lilibe maso, amake Chiko. Siliona chipsera."

"Nikamwa, azanibwezera mwana wanga?"

"Icho sichili m'botolo. Koma mukapitiriza kugwa, simuzamutenga."

Juliet anapempha madzi. Anamwa theka loyamba la piritsi pomwepo, maso ali kwa namwino.

Zimene anauzidwa zinabwera zonse, ndipo zinabwera pamodzi. Nthaka inkapendekeka ngati lichero. Mizere ya repu m'dimba inkaoneka iwiri pamene panali umodzi. Atalephera kupalira ataimirira, anayamba kupalira chogwada. Ndowa pamutu anaisiya, ankakoka chigubu pansi kuchokera kumjigo, akupuma pa chulu chilichonse. Mafuwa anawachotsa, n'kuumba chitofu cha njerwa ndi dothi chofika m'chiuno, chokhala ndi kakhoma kutsogolo, kuti akagwa agwere pansi osati pamoto. Anaumba yekha, dzanja limodzi likadali m'bandeji.

M'mawa uliwonse ankadutsa munda kupita kwa apongozi. Ankakhala pansi chapatali, pomwe anamuloleza, n'kumayang'ana Chiko akudya phala. Poyamba mwanayo ankalirira kwa iye. Kenako anasiya kulira. Tsiku lina anamuyang'ana ngati mlendo, n'kukwawira kumiyendo ya agogo ake.

Tsiku limenelo Juliet anaima pakhomo la chimbudzi botolo lili m'manja. Anali atataya mwana, anali kudzandira, ndipo sankadziwa ngati mankhwalawo akugwira kapena akungomuzunza. Akanangotambasula zala, nkhani ikanathera pomwepo. Koma anabwerera n'kukapeza mwamuna wake pansi pa mtengo wa mango.

"A Zebron, iyo njinga mwaikonza mokwana. Nipelekeni kuchipatala."

Sista Olipa atamva, anafunsa kwa akuluakulu ake, ndipo anasintha kamwedwe: pang'ono m'mawa, ochulukirapo madzulo, n'kumawonjezera mosafulumira. Chizungulire sichinathe msanga, koma chinayamba kumupatsa mpata.

Anthu okha ndiwo sanamupatse mpata. Anali atamuona akudzandira kumjigo, maso olemera, mawu okoka. Mphekesera inati amake Chiko ayamba kachasu kuti aiwale. Itafika kwa amake Zebron, iwo anati ngati zili choncho mwana apita ku Chipata kwa azakhali ake, akakulire komweko, asamaone manyazi otere.

Bungwe la amayi a mpingo linamuitana. Anasonkhana m'tchalitchi chawo cha udzu, onse m'mabulauzi oyera. Wapampando anali amayi Regina, mkazi wa mkulu wa mpingo. Amake Zebron anakhala kutsogolo. Juliet anamuikira kabenchi kake kumapeto, pafupi ndi khomo.

Mlandu utanenedwa, Juliet anaimirira, dzanja limodzi litagwira khoma. Anatulutsa botolo la mapiritsi pa mfundo ya chitenje.

"Kachasu wanga ni uyu."

"Botolo silikamba, amake Chiko," anatero amayi Regina. "Tonse tinakuonani kumjigo. Munali kuvina popanda ng'oma."

Ena anaseka. Juliet anadikira kuti amalize.

"Amayi, kachasu sabisika. Ali na fungo. Pano pali azimayi amene amamva mowa wa amuna awo akali pamsewu, asanafike na pakhomo. Bwerani mmodzi. Muninunkhize."

Anasiya khoma, anayenda mpaka pakati, n'kutsegula pakamwa.

Ine ndaona zinthu zambiri m'misonkhano ya amayi, koma bata ngati limenelo sindinalimvepo. Umboni unali pomwepo, waulere, mtunda wa mkono umodzi. Koma unali m'kamwa mwa wakhunyu, mu mpweya womwe aliyense ankauthawa. Benchi lakutsogolo linakhwekhwereza m'mbuyo. Amayi Regina anayamba kufunafuna nyimbo m'buku. Mayi wa chipsera pamkonoyo anangoima, akupendekeka pang'ono ngati mmera pamphepo, koma osagwa.

"Mwaniweruza muli patali," anatero. "Manje bwerani pafupi. Ndani?"

Amene ananyamuka anali amake Zebron.

Ena amati anaimirira kuti ateteze mpongozi wawo. Ine sindikhulupirira. Mayi amene uja anaimirira chifukwa ankafuna kumugwira yekha, ndi mphuno yake, kuti nkhani ya mwana ithe tsiku lomwelo. Mkwiyo unamuiwalitsa mantha, unamuiwalitsanso mwambo woti mpongozi sayandikirana naye nkhope. Anafika, anaika mphuno pakamwa pa Juliet.

"Pumani."

Juliet anapuma.

"Futi."

Anapumanso, mpweya wonse wa m'chifuwa.

Amake Zebron anawongoka. Anali munthu wouma mtima, koma sanali wabodza.

"Palibe mowa apa," anatero. "Ni fungo la nsomba za kapenta chabe."

Pamenepo m'pamene anazindikira zimene anachita. Dzanja linapita kumphuno. Pobwerera pamalo pake anapeza anzake amusiyira benchi lonse.

Masabata otsatira, amake Zebron analawa chakudya chimene ankaphikira mnzawo. Pamaliro ena anapatsidwa kapu yawoyawo. Kumjigo anthu ankawapatsa moni nkhope itayang'ana kumbali. Iwo eni ankadikira tsiku logwa. Anasiya kukhala pafupi ndi moto, ndipo pophika ankamuika Chiko patali.

Mvula inagwa, anthu anabzala. Mayiwo sanagwe. Chimanga chinafika m'chiuno, chinamasula ngayaye. Sanagwe.

Ndipo chimene chinatseka pakamwa anthu n'chakuti nayenso Juliet sanagwe. Munthu amene sing'anga anamukana, amene mwezi sunkatha asanagwe, anadutsa dzinja lonse ali chilili. Mayendedwe ake anawongoka. Mizere ya repu inabwerera kukhala umodzi umodzi. Anayamba kusenzanso ndowa, ndipo amayi omwe ankati wavina popanda ng'oma ankamuyang'ana akudutsa, madzi osatayika ngakhale dontho.

Nthawi ya mondokwa, Juliet ali pansi m'dimba kusankha tomato, anaona apongozi ake akubwera. Pambali pawo panali Chiko, akuyenda ndi miyendo yake, atagwira chala cha agogo.

"Uyu mwana alemera maningi," anatero amake Zebron. "Msana wanga wasila. Tengani."

Sanapepese, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anamasula chala chawo n'kutembenuka.

Musaganize kuti mwana anathamangira mayi ake. Chiko analira mpaka mawu kusasa, akulozera kumene agogo analowera. Juliet sanamugwire, sanamunyengerere. Anangopitiriza kusankha tomato, okupsa uku, osapsa uko. Patapita nthawi kulira kunasanduka kusisima. Mwanayo anayandikira dengu, anatenga tomato wofiira kwambiri, anamuluma, madzi n'kuchuchira pachibwano. Kenako anafuna pokhala, n'kukhala pamwendo wa mayi ake.

Pofika 1998 dimba la Juliet linali lalikulu kuposa onse a mbali imeneyo. Repu ndi tomato wake ankakwera galimoto kupita kumsika wa Soweto ku Lusaka, ndipo nthawi yothyola ankalemba aganyu, ena mwa iwo ochokera pamabenchi aja. Chiko anayamba sukulu akuchokera pakhomo pa mayi ake.

Sindikunamizani kuti anachira. Khunyu sanathane nayo. Anagwanso ulendo wina pamene mankhwala anatha pachipatala chaching'ono, ndipo kuyambira pamenepo mapiritsi akangotsala pang'ono ankakwera minibasi ya ku Lusaka asanathe. Tulo ta masana sitinamusiyiretu. Anangosankha katundu amene akanatha kusenza, n'kumusenza.

Inu amene mwabwera kuchipatala ndi mankhwala atsopano ndipo mukuopa kuwatsegula, mantha anu si uchitsiru. Mankhwala amenewa ali ndi zowawa zake. Funsani amene wakupatsaniyo mpaka akuuzeni zoona zonse. Akakuvutani bwererani, mukanene, asinthe kamwedwe kapena akupatseni ena. Mukaona zidzolo musagone nazo. Koma musawataye chifukwa cha nkhani za m'minibasi, kapena chifukwa choti anthu akukusekani mukudzandira.

Amene akukuweruzani ali patali sadziwa chimene mukumenyera. Inu mukuchidziwa. Ngati kuimirira kwakanika, limani chogwada, koma mtima wokha musautaye.