Maliro a Atate Anadzera pa Geti la Mgodi

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pasimenti masiku atatu. Amayi anali chikhalire pamatiresi pakona, osaphethira. Panja, mutenti, amuna amene anachezera pamoto anali kuwodzera, kupatula nkhalamba zisanu ndi ziwiri, anzawo a atate a kumgodi. Usiku wonse, kwaya ya kutchalitchi ikangopuma, iwo ankalowetsapo nyimbo zawo za sitiraka. M'mawa umenewo ndinawapeza atazungulira mbaula, akuvota pokweza manja. Pamaliro a atate anga, pabwalo lathu la mukomboni ya Ndeke, anthu anali atasankha kale wapampando ndi mlembi.

Atate anachotsedwa ntchito migodi itagulitsidwa, ine ndili kamtsikana. Kuyambira pamenepo moyo wawo unali wa zikwangwani. Lolemba lililonse ankakaima pa geti la mgodi, poyamba ndi chikhamu, kenako ndi anthu ochepa, pomaliza ndi nkhalamba zomwezi. Ankati mkuwa ukulemeretsa anthu a kutsidya kwa nyanja, ife tikutsala ndi chifuwa ndi maenje. Zinali zoona, koma choonadicho sichinatigulirepo nsapato za kusukulu.

Chimene anavota chinali chakuti bokosi lisapite kumanda lisanadzere pa geti lija. Wapampando anandiuza zimenezi ataimirira, chipewa chili m'manja. Ndinapsa mtima. Mlongo wanga wamng'ono amagwira ntchito mumgodi womwewo, pansi pa kontirakitala, ndipo ndiye amadyetsa nyumba ya amayi. Pa geti pali makamera. Aliyense kuno amadziwa kuti ukaoneka pa chionetsero, khadi lako lolowera limangosiya kutsegula, popanda ndi kalata yomwe. Ndinawafotokozera zonsezi. Anandiyankha mwaulemu kuti nkhaniyo yadutsa kale pa voti. Nkhalambazo zinalibe ntchito yoti ziitaye.

Ndinakadandaula kwa amayi, ndikuganiza kuti aletsa.

"Apititseni kumene ankapita," anatero. "Ndinalephera kuwaletsa ali moyo."

Dzuwa likutuluka, azimayi anali atakoleza moto kuseri, nyemba zili m'migolo yodula pakati, ena akuduladula kabichi. Anthu anayamba kukhamukira. Achibale a ku Kanini ndi ku Bwana Mkubwa anafika pa minibasi ziwiri. Amalume ochokera ku Katete, amene Chibemba sachimva, ankangovomera chilichonse ndi mutu. Kunabweranso anyamata a kukoleji amene sindinawaonepo, mafoni ali m'manja. Ankakamba za mayiko akutali kumene achinyamata akudzaza misewu ndi kugwedeza maboma, nkumati atate anali msilikali wa nkhondo yomweyo ya osauka. Amalankhula bwino anyamata amenewo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ananyamula ndowa ya madzi.

Ndiye panali chimbuya. Ife a kum'mawa tikaferedwa, Abemba amabwera kudzatinyoza mwanthabwala ndi kutipaka ufa kumaso, ndipo sukwiya, poti nafenso timawachita zomwezo. Wotsogolera anali mayi wina wa pafupi nafe, wogulitsa tomato pamsika, wathupi ndi wamawu aakulu. Anandipaka kawiri ndisanamwe ndi tiyi yemwe, akufuula kuti odya mbewa achepa ndi mmodzi. Tsiku lina ndikanaseka. Tsiku limenelo ndinkafuna kumuthira madzi a nyemba.

Tisanapite ku Misa ndinamukokera mlongo wanga kuseri kwa nyumba. Ndinamuuza kuti tikafika pa geti akhale kumbuyo kwa basi, mutu pansi, asatuluke. Anangogwedeza mutu. Iye ndi atate anatha zaka ziwiri akulankhulana mwa apo ndi apo, chilowereni iye ntchito ija. Atate ankati wadzigulitsa. Iye ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, nkumapitiriza kuwagulira mankhwala a chifuwa.

Misa inatha mitambo itadera bii chakumpoto. Mdipiti wa magalimoto unakhota, kusiya msewu wa kumanda. Titafika pafupi ndi geti, nkhalamba zija zinatsitsa bokosi mulole kuti zilinyamule wapansi. Anyamata a mafoni anapatuka kuti ajambule bwino. Ndinaona pawindo la basi kuti zinthu sizili bwino. Anthu okalamba, mapapo odzaza fumbi la pansi, atanyamula mnzawo! Sanayende ndi patali pomwe, wa kutsogolo kumanja anayamba kutsokomola, bokosi nkupendekeka.

Mlongo wanga anaimirira. Ndinamugwira malaya, anandipulumuka. Pakhomo la basi anakumana ndi mayi wa tomato uja atatsekereza njira.

"Uleya kwi, iwe wa mbewa? Bwela nikupake!" anafuula mayiyo, kumufunsa m'Chibemba kumene akupita.

Anamukhuthulira thumba lonse la ufa pamutu, nkumupaka kumaso, m'khosi, mpaka m'makutu. Mwanayo anayera mbuu, maso okha ndiwo ankaoneka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukalipire mayiyo, koma iye anandiyandikira nkunong'ona.

"Manje azamuziba ndani?"

Apo ndinazindikira kuti wamubisa nkhope ku makamera aja. Manyazi anandigwira chifukwa cha zonse zimene ndinamuganizira m'mawa.

Mlongo wanga anagwira chogwirira cha kutsogolo, bokosi linawongoka, nyimbo ya sitiraka inayambanso. Mtima wanga unatsika pang'ono. Ndiye mvula, imene inadikira m'mawa wonse, inasankha nthawi yomweyo. Sinayambe ndi kuwaza ayi, inangokhuthuka. Ndinaona ufa ukutsetsereka pankhope pake, mizere yoyera ikutsikira pa malaya akuda. Asanafike pa geti penipeni, nkhope yonse inali poyera.

Ndinatsika m'basi ndikufuula kuti awerame. Akanatha kuwerama. Akanatha kupatsa wina chogwiriracho. Iye anadzutsa mutu, nkuyenda pang'onopang'ono, molingana ndi mapazi a nkhalamba, mpaka anadutsa pansi pa kamera. Mlonda mmodzi m'kanyumba kawo anavula kapu. Mnyamata wina wa kukoleji anathamangira kutsogolo kuti amujambule nkhope bwinobwino, ndipo ndinamumenya foniyo ndi ambulera. Sindinapepese, ndipo mpaka lero sindikupepesa.

Kumanda tinapeza dzenje litalowa madzi, anthu anachita kukapa ndi zidebe. Matope anatimeza nsapato. Wapampando analankhula mpaka abambo mfumu anayang'ana wotchi kawiri. Tinaika nkhata, amayi poyamba, ife pambuyo. Pamene dothi linkagwera pabokosi ndinalira, koma ngakhale m'kuliramo ndinali nditawakwiyira atate. Anali atagona m'bokosi, komabe anakwanitsa kumukokera mwana wawo pa chionetsero.

Madzulo anthu anabalalika. Tenti anaipasula, mipando ya kutchalitchi inabwezedwa, pabwalo panangotsala phulusa lonyowa. Amayi anagona tulo koyamba chimwalirireni atate. M'nyumba munali zii. Mlongo wanga ndinamupeza pakhonde akupukuta majombo ake a kuntchito, ovolosi ili pa mpando, yosita kale.

"Mutu wako ukuyenda bwino iwe?" ndinamufunsa.

"Nanga ndikanawasiya agwe pansi, asisi? Pa geti pomwe paja?"

Anatenga khadi lake, analipukuta pa buluku, nkuliika m'thumba la ovolosi.

"Mailo faifi awazi tizaona ngati izaseguka," anatero, kunena za geti lija mawa lake faifi koloko m'mawa.

Kuseri kwa khutu lake kunali kutatsalira ufa pang'ono umene mvula sinaufike. Ndinanyowetsa nsonga ya chitenje kuti ndimupukute. Anandigwira dzanja, nati ndiusiye.