Chifunga cha m'diso langa lamanzere

Chinayamba ngati chifunga. Unali mwezi wa Malichi 2021, ndikutulutsa galimoto pageti la abwana ku Al Hilal, kuno kunja kwa dziko lathu kumene ndinabwera kudzagwira ntchito, pamene ndinaona galasi lakutsogolo lili mbuu. Ndinalipukuta ndi kansanza, ndinathirapo madzi, koma ayi ndithu. Nditatsinzina diso lamanzere, msewu unaoneka bwinobwino. Apo m'pamene ndinadziwa kuti galasi lilibe mlandu.

Ine ndinakula wosaona patali. Magalasi anga anali ochindikala moti anzanga ku Balaka ankati ndavala matako a botolo. Mu 2019 abwana anandithandiza kuchitidwa opaleshoni yoika timalenzi m'kati mwa maso onse awiri, ndipo ndinataya magalasi. Adokotala anati ndizipita chaka chilichonse kukayezetsa. Koma korona itavuta, tsiku langa linangosunthidwasunthidwa, ndipo poti maso sankawawa, nkhaniyo inazizira yokha. Fumbi la kuno nalo, ndinkangokhalira kutikita maso.

Chifungacho chinkabwera m'mawa, dzuwa likakwera n'kuchoka. Kenako chinayamba kukhalitsa mpaka masana, diso likulasa ngati mwalowa mchenga. Sindinauze munthu. Lamulo linali litasintha kuti wantchito akhoza kupita kwina popanda kalata ya bwana, ndipo hotela ina inali itandilonjeza udalaivala ndikangoyezetsa maso. Nanga dalaivala wa diso limodzi angamulembe ndani? Kumudzi mkazi wanga ndi ana amadyera pachiwongolero changa. Ndinali ndi mantha kwambiri.

Anandigwira ndi Che Musa, bambo wachikulire wa ku Mangochi amene ankaphika panyumbapo, ndipo tinkagona chipinda chimodzi. Tsiku lina ndinathira tiyi pambali pa kapu iwo akuona. "Mwanawe, diso si mwendo woti ungatsimphine nawo," anatero. "Yala, tiye kuchipatala."

Kuchipatala munthu unkayamba waonetsa foni pakhomo kuti ulibe korona, akuyeze kutentha, kenako ukhale pampando wotalikirana ndi anzako. Ndinadikira kuyambira m'mawa mpaka masana. Nesi anandiikitsa chibwano pamakina, n'kujambula m'kati mwa diso. Pachithunzicho panaoneka timabowo ngati chisa cha njuchi. Kumanja tinali tothithikana ndithu, koma kumanzere tinali tikulutikulu, tapatalipatali.

Adokotala anafotokoza mofatsa. "Kuseri kwa koniya, kagalasi ka kutsogolo kwa diso, kuli maselo amene amachotsa madzi kuti kazioneka koyera. Lenzi yanu yayandikira kwambiri, ndipo mukatikita diso imawakhula. Maselo amenewa akafa saphukanso. Otsalawo amangotambasuka kutseka mipata, ndipo akachepetsa, koniya imatupa."

Malenzi onse awiri anawachotsa. Diso lamanja linapulumuka chifukwa maselo anali akadalipo okwanira. Lamanzere linafunika kuikidwa kachikopa kopyapyala ka maselo ochokera kwa munthu amene anapereka maso ake pomwalira. Ndinadikira miyezi ingapo. Galimoto ndinasiya kuyendetsa, abwana anandiika kuthirira maluwa, ndipo malo a kuhotela aja anapatsa wina. Mkazi wanga pafoni ankangoti, "Bola moyo, bambo a Tadala."

Opaleshoni inachitika kumapeto kwa chakacho. M'diso anaikamo mpweya pang'ono woti ukanikize kachikopako kuti kamatirire. Nesi anandichenjeza kuti ndigone chagada masiku angapo, nkhope kudenga, kudzuka pokhapokha popita kuchimbudzi. Ndikaphonya pamenepo, kachikopako kakanamatuka.

Masiku amenewo sindidzawaiwala. Che Musa akamaliza kuphikira banja la abwana ankabwera ndi phala, n'kukhala pambali pa bedi, supuni kumanja. Ndinachita manyazi kudyetsedwa ndi munthu wa msinkhu wa bambo anga. "Yasamulani, bwana dalaivala, ndege ikutera," ankandiseka choncho. Mankhwala ankandidonthezera okha, atasamba m'manja ngati akupita kukaswali. Tsiku lina misozi inangotuluka yokha, kutsikira m'makutu. Anandipukuta ndi chala chawo, n'kunena kuti, "Usalire, unyowetsa maso a eni ake."

Kuona kunabwerera pang'onopang'ono. Ndinayamba ndi kuzindikira kuwala kwa windo, kenako nkhope, kenako zilembo. Chaka chotsatira ndinakayezetsa maso a laisensi nditavalanso magalasi. Ndinawerenga mizere yonse imene anandiloza, diso lililonse palokha, ndipo ndinakhoza. Kontirakiti ya Che Musa itatha, amene anawaperekeza ku bwalo la ndege ndine, chiwongolero chili m'manja mwanga. Anakhala kumbuyo dala, akuti nawonso alaweko ubwana.

Lero ndikuyendetsa basi ya antchito ku Al Thumama. Ndimadontheza mankhwala tsiku lililonse, maso sinditikitanso, ndipo tsiku la kuchipatala sindiphonya. Sindikunyoza opaleshoni ya malenzi, anthu ambiri ikuwathandiza. Koma abale anga, ngati munaikidwa lenzi m'diso, pitani akawerenge maselo anu ngakhale mukuona bwino. Maselowa amatha mwakachetechete, osamva kuwawa. Musadikire chifunga ngati ine, chifukwa pofika pamenepo pamafunika kuti wina amwalire kuti inu muone.