Chitenje Chimene Ndinakwirira

Anandiitana Lachiwiri m'mawa, sabata yachiwiri ya Febuluwale, mvula ikuwaza. Mesenjala wa ku boma anafika pa njinga n'kuima pampanda osalowa. Masiku onse munthu ameneyu ankalowa mpaka kukhitchini kudzamwa tiyi, ndiye nditamuona ataima kunja, chipewa chili m'manja, ndinadziwa kuti sikuli bwino. Anati ndikufunidwa ku boma, kwabwera alendo ochokera ku likulu. Ndinamufunsa ngati nditenge mafayilo. Anayang'ana pansi.

"Mutenge juzi, amayi," anatero.

Nthawi imeneyo ndinali phungu wa Nyumba ya Malamulo. Amayi tinalimo ochepa moti tonse tikanakwana pa benchi imodzi. Ine ndinabadwira m'malayini, nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo. Amayi anga ankathyola tiyi, ndipo agogo anga anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique. Ndinaphunzira ku Makwasa, ndinaphunzitsa ana a pa esiteti zaka zingapo, kenako amayi a m'chipani anandisankha kukhala wapampando wawo. Chipani chinali chimodzi chokha, ndipo ndinachitumikira ndi mtima wonse, sindibisa. Ndili phungu ndinalimbikira zinthu zitatu: shedi pa sikelo poyezera masamba, mpopi m'malayini, ndi nthawi yoti mayi wothyola tiyi atule dengu akayamwitse mwana. Aphungu anzanga aamuna ankanditcha mayi wa dengu. Ndinkawayankha kuti tiyi amene amamwa pa nthawi yopuma uja amachokera m'dengu momwemo. Pakamwa panga panalibe ulesi, ndipo ndinkadziwa kuti alipo ena amene mpando wanga unkawasowetsa tulo.

Koma chimene chinandigwetsa si zimene ndinalankhula m'Nyumba ayi. Loweruka lina mu Januwale ndinkachokera ku msonkhano wa chipani ku Kapichi, nditavala chitenje chatsopano cha nkhope ya Mtsogoleri, monga ankavalira amayi onse pa misonkhano. Ndikudutsa malayini ena cha ku Nchilamwela, mzamba wa kumeneko anaimitsa galimoto. Mtsikana wina wothyola tiyi, mimba yoyamba, anali atabereka mwana wakufa kale. Kwathu kuno maliro otere timati mtayo. Salira mokweza, sakhoma bokosi, ndipo mwamuna aliyense safikako. Amayi ochepa amanyamula kamwanako n'kukakaika kumalo kumene amadziwa okha, osaikapo chizindikiro.

Ndinalowa m'nyumbamo. Munali mzamba, azakhali ake a mtsikanayo, ndi mkazi wa kapitao wa pa esitetipo. Mtsikanayo anali gone pamphasa, maso ali gwa. Kamwanako anali atakakulunga m'chisaka, chija amayi amamanga m'chiuno kuti tiyi wonyowa asawang'ambire zovala. Chisakacho chinali ndi matope. Zinandipweteka kwambiri. Ndinamasula chitenje changa, popeza mkati ndinali ndi diresi, n'kukakulungamo kamwanako bwinobwino. Ndinena zoona pamaso pa Mulungu: za nkhope sindinaganizeko n'komwe. Ndinangoona nsalu yatsopano, yaukhondo. Mkazi wa kapitao anandiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Tinapita anayi, mtsikanayo anatsala m'nyumba monga mwa mwambo, tinakwirira, ndipo ine ndinabwerera kwathu dzuwa lisanalowe.

Ku boma anandilowetsa m'chipinda chakumbuyo. Munali amuna awiri amene sindinawaonepo. Wina anavala suti yotuwa ndipo ankalankhula mofatsa ngati abusa. Winayo sanakhale pansi. Wa suti anandipatsa moni waulemu, anafunsa za ana, kenako anafunsa kuti ndinakwirira ndani ku Nchilamwela. Ndinati khanda.

"Nanga nkhope inali pansaluyo ndi ya khanda, aphungu?"

Apa m'pamene ndinazindikira. Chakudza sichiimba ng'oma. Anati kukwirira nkhope ya Mtsogoleri m'manda ndi kumulodza kuti afe, ndipo mlandu wotere suchepa. Ndinafotokoza za chisaka chamatope. Analemba, kapena ankachita ngati akulemba. Kenako ananena zimene ankafuna: mayina a amayi amene ndinali nawo, ndiponso kuti ndiwatengere pa mandapo akafukule nsaluyo ikhale umboni. Ndinati manda a mtayo salozedwa kwa mwamuna.

"Muno mulibe mwamuna, mulibe mkazi," anatero woimirira uja. "Muli boma."

Zimene zinachitika masana amenewo sindizilemba. Khutu langa lakumanzere linasiya kumva kuyambira tsiku limenelo.

Lachinayi wa suti anabweranso yekha ndi kapu ya tiyi. Anati akundimvera chisoni, chifukwa ndikubisa anthu amene andigulitsa kale. Anati ndiganize bwino: pa mtayo safika mwamuna, nanga boma lamva bwanji? Mmodzi wa anzanga omwewo ndiye wanena. Tiyiyo sindinamwe, koma mawuwo ndinawameza, ndipo anakhala m'mimba mwanga zaka ziwiri ndi miyezi isanu.

Sanandizenge mlandu. Anandikweza m'galimoto yotseka n'kundipititsa kundende ina kutali ndi kwathu. Woyang'anira wamkazi amene anandilandira anandivula diresi, nandipatsa yunifolomu yomwe inali itavalidwa kale ndi ambiri. Anandilozera ndowa pakona. "Aphungu, Nyumba ya Malamulo ya kuno ndi iyo. Mukafuna kulankhula muzipita pamenepo." Ndi yemweyonso amene anandiuza, patapita milungu itatu, kuti pa wailesi alengeza kuti mpando wanga ulibe munthu.

Njala inalipo, nsabwe zinalipo, nyemba zake zinali za anankafumbwe. Koma chimene chinkandidya ine chinali china. Tsiku ndi tsiku, ndikupalira m'munda wa ndende, ndinkazenga mlandu amayi atatu aja m'mutu mwanga. Mzamba anali ndi mwana wake mu gulu la achinyamata a chipani. Azakhali aja anandipemphapo kuti ndiwalankhulire apatsidwe nyumba yosadontha, ine n'kulephera. Koma amene ndinkamugamula kawirikawiri ndi mkazi wa kapitao. Mwamuna wake tinakanganapo pagulu pa nkhani ya nthawi yoyamwitsa, ndipo kayang'anidwe kaja sikankandichoka m'maso. Nthawi zina ndinkadzifunsa kuti ngati wina ananena zonse, bwanji sanawalozere manda? Ndinkadziyankha kuti anaopa mwambo, koma kundipereka ine sanaope. Kukayikira kukalowa m'munthu kumapeza yankho pa chilichonse.

Matendawa sanathere pa atatu okhawo. M'chipinda mwathu munali mayi wina wachikulire amene anamangidwa chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Ankandigawira sopo, ndipo khutu likatuluka mafinya ankandipukuta ndi kansalu konyowa. Ine ndinkati amutuma kuti adzandifufuze. Miyezi isanu ndi itatu tinagona mphasa zoyandikana, sindinamuuze ngakhale dzina la mwana wanga mmodzi. Anamusamutsa ndisanamuthokoze. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Wa suti yotuwa ankabwera pakapita miyezi itatu iliyonse, ndi pepala ndi cholembera. Mawu ake anali omwewo: mayina atatu, mawa muli kwanu. Mu Okutobala wa chaka chachiwiri anabwera ndi mawu ena. Anati amayi anga ali m'chipatala, sakudya, akungotchula dzina langa. Anati safunanso atatu, dzina limodzi lokha likwana.

Cholembera ndinachigwira. Ndinati mumtima, ndilembe mkazi wa kapitao, iyenso alawe. Dzanja linafika papepala. Koma ndinaganiza kuti akamutenga adzamulowetsa m'chipinda chakumbuyo chija, ndipo pofika madzulo adzakhala atatchula enawo ndi kulozera mandawo. Ndinaona amuna ali ndi makasu, akufukula kamwana kaja, akukavula nsalu n'kukasiya pamtunda. Sikuti ndinamumvera chisoni mkaziyo ayi, ndinkadana naye ndithu. Ndinangolephera kupereka kamwanako. Ndinabweza cholembera. Wa suti anapinda pepala lake mwaulemu n'kunena kuti mutu wanga ndi wouma ngati chitsa cha tiyi. Amayi anamwalira mwezi womwewo. Ine anandiuza mu Disembala.

Ananditulutsa Lachinayi lina mu Julayi, popanda chifukwa, monga momwe anandimangira. Anangoti ndakhululukidwa, ndisakalankhule ndi atolankhani. Ndinafika ku Thyolo chiperoni chili tolo, tiyi atadulidwa m'minda yambiri. Anthu ena amene ndinawamangira mpopi ankandiona n'kukhotera njira ina. Sindinawadandaule, inenso ndikanatero.

Amayi atatu aja anabwera limodzi kudzandizonda ndi kupepesa maliro. Ndinawayalira mphasa pakhonde, koma madzi a tiyi sindinateleke. Kwathu kuno mlendo wa maliro kumubweza kukhosi kuli gwa ndi chipongwe chachikulu, ndipo iwo anachimva. Ndinkangoyang'ana pakamwa pawo kuti ndione amene alephere kundiyang'ana m'maso. Onse atatu anandiyang'ana. Anatsanzika msanga.

Patapita sabata kunabwera mayi wachitsikana ali ndi mwana kumbuyo. Sindinamuzindikire mpaka atagwada n'kuyamba kulankhula m'Chilomwe. Anali mtsikana wa mtayo uja. Anatulutsa chitenje chatsopano cha maluwa n'kuchiika pamapazi panga. Kenako analira, kulira kuja kumene mwambo unamuletsa tsiku lija.

"Amayi, ndine ndinakumangitsani. Nditabwerera ku ntchito ndinauza anzanga pa mzere wa sikelo kuti mwana wanga sanapite m'chisaka. Ndinati anapita m'nsalu ya aphungu, ya nkhope ya Mtsogoleri, ngati mwana wa bwana. Ndinkanyada, amayi. Ndinkafuna aliyense adziwe zimene munandichitira."

Iye anapitiriza kufotokoza. Nkhaniyo inayenda pakamwa ndi pakamwa ngati chitamando changa, kuchoka esiteti ina kupita ina, mpaka inafika m'makutu a anthu amene ankaifuna. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, koma mlomo uwu unali woyamika. Tsiku limene ndinamangidwa, mkazi wa kapitao ndiye anamutenga mtsikanayo n'kukamubisa kwa abale ake ku Kapichi. Mzamba ndi azakhali anakasalaza pamandapo n'kubzalapo udzu. Apolisi atabwera kudzafunsa kuti khanda linali la yani, malayini onse anakana kuti kunali woyembekezera chaka chimenecho. Kapitao mwiniwakeyo, mdani wanga uja, anati pa gulu lake palibe amene anajombapo ntchito.

M'mawa mwake ndinayenda wapansi kupita ku Nchilamwela, masamba a tiyi ndi shuga zili m'kathumba. Ndinapeza mkazi wa kapitao akusenda chinangwa. Ndinagwada, ine amene ndinali phungu, n'kumuuza zonse, mpaka za cholembera chija. Sanadabwe. Anati akanakhala iye akanaganizanso chimodzimodzi. Ndinamufunsa kuti nanga tsiku lija ankandiyang'aniranji choncho.

"Ndinaiona nkhopeyo, amayi. Ndinafuna kunena. Koma ndikanati muvule mwana nsalu, mayi wake akuona?"

Anaitanitsa mzamba ndi azakhali, ndipo tiyi ndinaphika ndine, pamoto wake.

Chitseko cha ndende anatsegula mu Julayi, koma ine ndinatulukadi tsiku limene ndinaphika tiyi ameneyu. Wa suti yotuwa sanapeze mayina ake, komabe ntchito yake anaigwira: anandilanda amayi atatu okhulupirika popanda kumanga aliyense wa iwo, ndi wachinayi wa sopo uja. Ufulu umene ndimaudziwa ine ndi wakuti munthu akakupatsa sopo ungolandira n'kuthokoza.

Ku Nyumba ya Malamulo sindinabwerereko. Zipani zitachuluka anandipempha kuti ndiimenso, ndinakana, ndinathandiza ena. Masiku ano atsikana ofuna uphungu amabwera pakhonde pano kudzafunsa nzeru, ndipo ndimawauza kuti alankhulire kudzanja lamanja. Zitenje za nkhope zachuluka, mitundu yonse, anthu amaberekera ana ndi kuyanikira ufa, palibe amene amamangidwa. Shedi ya pa sikelo ija ilipobe, malata okha ndiwo anasintha.

Mdzukulu wanga amene akundilembera izi pa kompyuta wandifunsa kuti mandawo ali pati, akuti mwina pangaikidwe mwala wa chikumbutso. Ndi mnyamata wabwino, koma ndi mwamuna. Mwa anayi amene tinkadziwa malowo ndatsala ndekha, ndipo kamwanako kakugonabe m'nsalu yake.