Kamfuti ka pa Geti

Nthawi ya korona ndinkalondera pa geti la labu ina chakufupi ndi Al Aziziya, ku dziko la Aluya komwe tinapita kukagwira ntchito. M'katimo munali thanki lachitsulo lalikulu kuposa minibasi. Ankaikamo maso a setilaiti, tizipangizo toyeza kutentha kwa dziko tili mumlengalenga, n'kutseka chitseko, n'kupopa mpweya wonse osasiyamo ngakhale pang'ono. Lero aziziritse thankilo, mawa alitenthetse, kuti kachipangizoko kaziyesa kafika kale kumwambako. Ankafuna kuona ngati kakunena zoona kasananyamuke, poti kakangopita palibe angakatsatire ndi sipanala.

Ine changa chinali kamfuti koyezera kutentha kwa thupi. Aliyense wolowa ndinkamuloza nako pachipumi. Ndinkakakhulupirira kuposa abusa a kwathu, ndipo ndisaname, kankandipatsa matama.

Panali madala ena a ku Chipata, dalaivala wa kampani yobweretsa masilinda a gasi woziziritsira thanki lija. Masiku amenewo lamulo linali litangosintha, munthu ankatha kusintha ntchito popanda kupempha kalata kwa bwana wake. Madalawa anali atapeza malo ku hotela, ndipo Lachinayi lina masana ankayenera kukaonekera. M'mawa wake anadzera kaye kwa ife ndi katundu.

Nditawaloza, kamfuti kanalira, nambala ili psuu.

"Aphwanga, ndi dzuwa ili," anatero. "Ma cylinder onsewa ndakweza ndekha. Ndikhale kaye pa shade five minutes, mundi-checkenso."

Ndinawayezanso pomwepo, osadikira n'komwe. Kanaliranso.

"Pepani madala, ndiyenera ku-reporta. Ndi procedure."

Achipatala anawatenga kukawayeza korona, n'kuwasunga kwaokha podikira zotsatira. Matenda sanawapeze nawo, koma pomwe ankatuluka, malo a ku hotela aja anali atapatsidwa wina.

Patapita milungu ingapo kamfuti kanaliriranso injiniya wina wa mu labumo, mayi wosakonda zocheza. Iye sanalimbane nane. Anangoti ndimutsatire, kamfuti kali m'manja. Kanali koyamba kuti ndilowe m'chipinda cha thanki. Patebulo panali chitsulo chakuda bii ngati kunsi kwa poto. Anati chimenecho kutentha kwake amakudziwa ndendende, ndipo ndi chimene amaonera ngati maso a setilaiti akunama. Anachitchera pa kutentha kwa munthu wabwinobwino, n'kundiuza kuti ndiloze.

Kanalira.

Mayiyo anati kamfuti kokhala padzuwa tsiku lonse kamasokonekera, komanso chigulireni palibe anakayesapo. Anakaponya m'dirowa, n'kulemba kapepala koti andipatse kena. Kwa iye nkhani inathera pomwepo. Ine manyazi anandigwira, ndinabwerera pa geti.

Madala aja anabweranso ndi lole ya kampani yawo yakale yomwe ija. Anatsitsa galasi, n'kusendeza chipewa kuti ndiwaloze. Ndinawauza zonse, za chitsulo chakuda, za dzuwa, komanso kuti tsiku lija analibe vuto lililonse.

Anakonza chipewa chawo, injini ikulira.

"Ine ndinkadziwa, aphwanga. Thupi ndi langa," anatero. "Khalas, zatha. Tsegulani geti, ndili ndi ma delivery ena awiri."

Ndinatsegula.