Nkhope ya Amayi pa Pulazima

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene mvula inagwetsa khoma la kuchipinda kwa amayi. Munali mu 2006. Tinkakhala ku Bangwe, m'nyumba ya zidina imene bambo anatisiyira, ndipo amayi ankagulitsa pamsika mlamba wouma wochokera kwathu ku Chikwawa. Tsiku limenelo ndinawapeza ataima pamatope atanyamula ka TV kawo, kaja ka matako, atakafunditsa chitenje, iwo eni ake akunyowa. Ndinati basi, zakwana. Mnzanga wa kukwaya anali atapita kale ndipo ankati ntchito za m'nyumba kumeneko sizisowa. Amayi sanandiletse. Anangoti, "Pita, koma nkhope usakaisiye komweko." Ndinaseka, poti ndinkaganiza kuti chaka chimodzi chikwana.

Ntchito ndinaipezadi, kwa mzungu wina woweta agalu. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, kozizira moti mwezi wa Juni ndinkavala masokosi m'manja. Masiku a m'pasipoti anatha mwezi woyamba womwewo, ndipo kuyambira pamenepo ndikaona galimoto ya polisi ndinkakhotera njira ina. Lamlungu ndinkapita ku Misa n'kubwerera kudzangokhala. Panali masabata ena amene Chichewa ndinkayankhula ndi agalu okha. Ndalama ndinkatumiza kudzera kwa madalaivala a mabasi. Khoma linamangidwa, malata atsopano anakhomedwa, ndipo apa mpamene achimwene anga a Zuze anazindikira kuti ku Joni kuli mtengo wobala ndalama, wougwedeza ndine Rozina.

A Zuze sankaimba foni, ankangofulasha. Ine ndiimbe ndi mayunitsi anga kuti ndimve madandaulo awo. Moni unali wachidule, kenako nkhani yomweyomweyo. "Chemwali, anzanu onse a ku Joni atumiza mapulazima. Ife kabokosi aka tionera mpaka liti? Anthu akutiseka." Ku Bangwe TV iliyonse yopyapyala ndi pulazima, kaya pakatoni palembedwa chiyani. Sindikukumbuka tsiku limene anandifunsa ngati ndadya. Amayi akatenga foniyo ankafuula ngati akuitanira malonda, poganiza kuti Joni ndi kutali ndiye mawu afunika kukankha, ndipo funso lawo linali limodzi: ubwera liti?

Mu 2009 mng'ono wanga Filomena anakwatiwa. Keke, holo ndi wojambula kanema ndinalipira ndine, koma kubwera sindinabwere. Munthu wotha masiku akatuluka, kulowanso ndi nkhondo ina. Ukwati utatha amayi anandiuza ndi chimwemwe kuti, "Ndayankhula nawe m'kanema muja. Mnyamata wa kamera anati ndinene mawu kwa iwe, ndanena." Ndinawapempha kuti atumize chimbalecho ndi a dalaivala. Anakana. "Ayi. Udzaonera konkuno, pa TV yanga. Ukafuna kumva zimene ndanena, bwera." Ndinawanyengerera kuti angondiuza pafoni, iwo n'kumangoseka. Inali nyambo yawo yondikokera kumudzi.

Chaka chisanathe amayi anagwa pamsika, nsomba zili m'manja. Ku chipatala anafika atapita kale. Anakawaika ku Chikwawa mawa lake, pamene basi yochoka ku Joni imagona panjira. Ndinalira m'kachipinda kaja, m'mawa mwake n'kukakolopa m'nyumba ya eni ake. Chithunzi chawo chimene ndinali nacho chinali chimodzi, cha pakhadi la ku tchalitchi, chofufuma ndi chinyezi. Pang'onopang'ono ndinayamba kuona chinthu choopsa: ndikatsinzina kuti ndiwakumbuke, duku linkabwera, mawu ankabwera, koma nkhope inkakana. Chimene chinatsala padziko pano chosonyeza amayi akuyenda, akuseka, akuyankhula, chinali chimbale chija basi. Ndinayamba kusunga ndalama zoti ndibwerere, ndipo ndinalumbira kuti ndidzawaonera pa TV yooneka bwino koposa zonse, osati kusangalatsa a Zuze, koma kuti ndidzaone ngakhale mphini za pamasaya pawo.

Mpaka lero sindiiwala sitolo ya ku Joni imene ndinakagulako TV. Khoma lonse linali ma TV okhaokha, onse akuonetsa nsomba zomwezomwezo za mitundu yowala zikusambira. Pena palembedwa HD Ready, pena Full HD, pena 720, pena 1080, pena LCD, pena pulazima. Ndinaima ngati mbuzi yolowa m'kalasi. Wogulitsa wina atandimva ndikung'ung'udza m'Chichewa anabwera akumwetulira. Anali Mmalawi mnzanga, wa tayi. Mtima unakhala pansi, ndinati Mulungu wanditumizira wakwathu.

"Sisi, musavutike," anatero. "HD Ready ndi yongokonzeka chabe, sinafike. Full HD ndiye yafika. Mumaona mpaka thukuta la munthu."

Ndinamufotokozera zonse, za amayi, za ukwati, za chimbale. Ndinamufunsa mwachindunji ngati chimbale chojambulidwa ku Bangwe chidzaoneke ngati nsombazo.

"Kuposa pamenepa. Koma musailumikize ku ka DVD wamba, mukhala mwaiwononga. Tengani makina awa a Blu-ray, amachotsa chifunga chonse. Chimbale chakale chimatuluka ngati chajambulidwa lero. Mutengenso nthambo iyi, ya golide kumapeto, chithunzi chimadutsa mosatayika."

Munthu uyu anakulira kwathu konkuno. Ankadziwa bwino lomwe zimbale zimene timaonera ku Bangwe, za pamsika, zowotchedwa pakompyuta kuseri kwa saluni. Anandiyang'ana m'maso, ine misozi ili lengelenge, n'kundigulitsa zonse zitatu. Ndalama zimene ndinasiya pamenepo zikanagula poloti ku Machinjiri nthawi imeneyo. Mzungu akanandibera sindikanadabwa. Uyu ananditsanzika kuti, "Mukapereke moni kumudzi."

Ndinabwera mu 2011, katoniyo ndikuiyang'anira pachipata chilichonse ngati wodwala. Pa Mwanza ndinalipira msonkho wina woti munthu n'kukomoka. Pa depoti ya Wenela a Zuze anabwera ndi galimoto yahayala, ndipo anayamba kukumbatira katoni, ine pambuyo. Kunyumba anthu anadzaza mpaka pakhonde. Alamu anga, akazi awo a Zuze, anali atasesa kale pamalo pake. Ndinafunsa za ka TV ka amayi. "Tinakagulitsa kwa aNaphiri ndi ka DVD kake komwe, titangomva kuti pulazima ikubwera," anatero a Zuze osandiyang'ana, akuwerenga zolembedwa pakatoni mokweza kuti a panja amve. Ndinatambasula dzanja kuti ndimatule pulasitiki ya m'mbali mwa sikirini, iwo n'kundigwira mkono. "Musachotse, ingakandike."

Ndinapempha chimbale cha ukwati. Alamu anafufuza m'kabati, pansi pa bedi, m'basiketi. Anakachipeza pawindo la kuchipinda kwa ana, pansi pa mulu wa mafilimu a ku Nigeria, chopanda chikuto, chili ndi chizindikiro cha kapu ya tiyi pamwamba. Ndinachitembenuza. Kunsi kwake kunali mizeremizere ngati pamene nkhuku zapalasa. Filomena, mwini ukwati, anati chake chinasowa posamuka. Ndinachipukuta ndi bulauzi n'kuchilowetsa m'makina aja a ku Joni.

Makinawo anachimeza, anaganiza nthawi yaitali, kenako anachilavula. Tinayesanso, anachilavulanso. Filomena anawerenga kabuku ka makinawo n'kunena kuti chimbale chathu ndi VCD, ndipo makina awa VCD sadya. Tinayesa mafilimu a ku Nigeria aja, ambiri anawakananso. Ka DVD kotchipa kamene anagulitsa kaja sikankasankha, kankadya chilichonse ngati galu wa pamsika. Awa a ndalama zambiri ankafuna zimbale zawozawo zimene ku Limbe konse sindinazionepo. Nthambo ya golide ija inangolendewera kuseri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Alamu anapita kukabwereka ka DVD kaja kwa aNaphiri, aneba athu, tinalumikiza ndi mawaya ake akale atatu aja, wachikasu, wofiira ndi woyera. Nyimbo ya kwaya inamveka, chithunzi chinabwera.

Sindikudziwa kuti ndifotokoze bwanji zimene ndinaona. Anthu onse anali afupiafupi, otambalala m'mbali ngati wina wawakhalira. Nkhope zinali timabokosi timabokosi tosuntha. Kenako panatulukira mayi wina wojintcha, wa duku lobiriwira, akuvina polowa m'holo. Duku ndinalizindikira, ndinatumiza ndine. Amayi anga anali munthu wamtali, wowonda, wa khosi lalitali. Uyu anali chimtolo chopanda maso. Ndinasendera pafupi kuti mwina ndione bwino, koma ndikamayandikira m'pamene nkhopeyo inkaphwasukiratu.

Wina pakhonde anaseka. Alamu anawomba m'manja n'kunena kuti, "Koma pulazima ndi zinthu. Apongozi anenepa atapita kale." Nyumba yonse inafa nacho chiseko, a Zuze akupukuta misozi. Filomena yekha anandiona nkhope. Anatenga rimoti, anadinadina mpaka chithunzi chinabwerera pakati, m'mbali monse mukuda. Amayi anatalikanso, ngakhale nkhope inali idakali timabokosi. A Zuze analanda rimotiyo. "Iyayi, bwezerani. Tagulira chiyani yaikulu ngati m'mbali mukhala mdima? Idzaze yonse." Anati tagulira. Anadina, amayi anafufumanso. Kenako anayang'ana wotchi n'kunena kuti mpira wayandikira, za ukwati tidzaonera tsiku lina, anthu abwerera pulazima.

Ndanyansidwapo ndi zambiri pa moyo wanga. Ndatolapo zonyansa za agalu a eni ake m'mawa wa chisanu, ndatukwanidwapo m'mateksi chifukwa cha kayankhulidwe kanga. Koma sindinanyansidwepo ngati masana amenewo, m'nyumba imene malata ake ndinagula ndine, pakati pa abale anga enieni. Ndinazula mawaya, ndinanyamula ka DVD ndi chimbale changa, n'kutuluka. Palibe anandifunsa kumene ndikupita, anali kalikiliki kufunafuna pobaya eriyo.

ANaphiri anali mnzawo wa amayi wa kumphakati, nyumba yachitatu kutsika kumsewu. Nditalowa ndinakaona ka TV kaja pakona, kansalu koluka ka amayi kadakali pamwamba pake. "Sindinakagulire kuonera, mwanawe," anatero. "Sindinafune kuti kapite kwa anthu osawadziwa." Anandikhazika pamkeka chapatali ndithu, anati aka ukakayandikira kamawawa maso.

Ndipo pa kagalasi kakang'ono kaja, amayi analowa m'holo. Amayi anga enieni, aatali, khosi lawo lija, mapewa akugwedera pang'onopang'ono monga amavinira a kwathu kuchigwa. Mphini sindinazione, koma nkhope inali yawo, ndi kampata ka m'mano komwe. Ndinagwira pakamwa. Tinaonera perekaniperekani yense, chimbale chikudumphadumpha, mpaka kamera inawapeza atakhala pampando panja pa holo. Anakonza duku, anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, anayang'ana pambali pa kamera n'kufunsa kuti, "Akundiona?"

Mawu a wojambula anamveka: "Yang'anani apa, mayi. Adzakuonani. Yankhulani."

Anatembenuka n'kundiyang'ana ine. Anatsegula pakamwa. Chithunzi chinaima pomwepo.

Tinadikira. Ka DVD kanalira kuti tche tche tche m'kati, kenako kanadumphira kumapeto, anthu akukwera malole. Tinabwezera, chinaimanso pomwepo. ANaphiri anachipukuta ndi chitenje, anachiuzira mpweya, anapakapo mankhwala otsukira mano monga amachitira ana. Masiku otsatira ndinayenda nacho kwa onse owotcha zimbale ku Limbe ndi ku Ndirande, onse anati mzere wa pamenepo ndi wakuya. Wojambula uja ndinamupeza akugulitsa mafoni, anati tepi yake anajambulirapo maukwati ena kalekale. Ndinafunsa a Zuze, alamu, Filomena, kuti amayi ananena chiyani. A Zuze anati poonera ankadumphitsa zoyankhulayankhula kuti afike pa magule. Filomena anati anangomva kuti anatchula dzina langa. ANaphiri anali pambali pawo tsikulo, koma anati, "Masipika anali pamutu pathu, mwanawe. Ndikakuuza kanthu ndikhala ndakunamiza."

Ku Joni sindinabwererenso. Ndili ndi benchi ya amayi pamsika, ndipo ndimachita lendi chipinda kuseri kwa aNaphiri. Pulazima idakali kwa a Zuze, pulasitiki yake ya m'mbali sanamatule mpaka lero, ndipo katoni yake anaisunga pamwamba pa wadiropu, yokutidwa bwino kuti fumbi lisaigwere. Zinthu kwathu timadziwa kusamala, tikazifuna. Makina a Blu-ray aja alamu amaikapo maluwa apulasitiki.

Lamlungu tikachoka ku Misa ndimalowa kwa aNaphiri, magetsi akakhalapo. Sindionera ukwati wonse, ndimathamangitsa mpaka panja pa holo. Amayi amakonza duku, amafunsa funso lawo, amandiyang'ana, chithunzi n'kuima. Kale aNaphiri ankadzuka kuti akamenye ka DVD pamwamba. Masiku ano amangokhala, akudziwa kuti sindifuna. Chimaima kanthawi ndithu chisanadumphe, ndipo nthawi imeneyo ndi yanga.

"Ndikukuonani, mayi," ndimatero. "Yankhulani."